Sindinapite ku Maliro a Azakhali

Pali bodza limene ndakhala nalo milungu itatu, ndipo lero ndikuliulula. Palibe wapolisi amene anandibweza pamsewu. Ku maliro a azakhali anga ku Chawama sindinapite chifukwa cha mantha.

Azakhali amenewa ndiwo anandilera. Kolera inawatenga m'masiku awiri okha. Uthenga utafika kuno ku Kabwata ndinavala chitenge, kubereka mwana wanga Tamara, n'kupita pokwerera basi. Basi inabwera, inaima, inanyamuka, ine ndili chiimire. Mwana wa miyezi isanu ndi itatu amaika chilichonse m'kamwa. M'mutu mwanga munali beseni lija limene aliyense amasambamo m'manja pochokera kumanda. Ndinabwerera kunyumba, n'kutumiza mawu akuti apolisi akubweza anthu poti boma laletsa kusonkhana.

Lachiwiri lapitali msuweni wanga, a Yotamu, mwana wa malemuwo, anabwera kudzandiona. Anakana kulowa, anakana tiyi, anaima pakhomo manja ali kumbuyo kuti asakhudze mwana. Anandiuza kuti mtembo abale sanapatsidwe. A zaumoyo anaukulunga m'pulasitiki, ndipo kumanda kunapita anthu ochepa. Koma kunyumba azimayi anasonkhanabe masiku atatu, amvekere munthu wamkulu chonchi sangapite ngati nkhuku. A tcheyamani achipani anangoyang'ana kumbali. Awiri mwa azimayiwo anadwala, mmodzi akadali kuchipatala.

"Musadandaule, amake Tamara," anatero. "Tonse tikudziwa kuti pakanapanda apolisi mukanafika."

Ndinangogwedeza mutu.

Kodi lamulo loletsa kusonkhanali likuthandiza? Ine ndikuona ngati likuthandiza ndithu. Masukulu atsekedwa, ogulitsa chakumwa cha munkoyo pasiteshoni athamangitsidwa, ndipo m'mafulati mwathu muno sindinamve wodwala. Koma tisadzinamize, ife mpopi tili nawo m'nyumba. Ku Kabulonga, kwa anthu olemera, amangotseka geti, mlonda n'kukhala panja. Nanga mayi wa ku Chawama? Amuuza kuti asasonkhane ndi anzake, koma kukacha ayenera kukaima pamzere wa zigubu pampopi umodzi, chimbudzinso agawane ndi mabanja anayi. Akhale m'nyumba amwe chiyani?

N'chifukwa chake azimayi aja sindikuwaweruza. Munthu amene wakhudzana kale ndi komboni yonse potunga madzi, mumuuza bwanji kuti choopsa ndi kukhala pamphasa ndi ofedwa?

Ku koleji ya uphunzitsi anatiphunzitsa kuwiritsa madzi. Zonena kwa abale ukasankha mwana wako, palibe anatiphunzitsa.

A Yotamu amawerenga nyuzipepala ino Lamlungu lililonse, choncho pofika masana adzakhala atadziwa. Mwina adzandimvetsa, mwina pakhomo panga sadzapondanso. Tamara ali bwino, wayamba kukwawa.

Amayi anzanga, ndiuzeni mosandinyengerera. Ndinachita bwino kutsala? Nanga kuulula kumeneku, ndachitira a Yotamu kapena ndadzichitira ndekha?