Shawelo Yachikasu

Mwana wanga wamkazi, mmodzi yekhayo amene ndinabala, anapita kunja kukaphunzira za sayansi chaka chimene bambo ake anatisiya, ndipo anakwatiwa komweko. Ine ndinatsala ndekha m'nyumba ya zipinda zitatu kuseri kwa msika wa pa boma. Nditapuma pa uphunzitsi, alendo anga anali malole opita kumalire: akamadutsa mawindo ankanjenjemera, kenaka zii.

Za ntchito yake ankandifotokozera, koma foni ya kuno imadula mawu pakati. Ndinangotolapo zoti kuli chimakina cha maginito, amati MRI, chimene chimaona m'kati mwa thupi popanda kung'amba. Ndinkangoti eya, eya, kuopa kuoneka mbuli, ine mphunzitsi wathunthu.

Tsiku lina m'nyengo ya manachesi kunabwera chithunzi pa foni, chotuwa ngati phulusa. Kamutu kakakulu, kamsana kopindika ngati nyemba, timanja tongophuka kumene. Pansi pake analemba kuti, "Amayi, taonani, mtima wayamba kugunda." Ndinakhala pansi pakhonde.

Sindinafunse kanthu. Kwathu munthu akakhala ndi pakati safunsidwa. Umaona ndi maso, pakamwa n'kutseka, kuopa kuitana tsoka. Ndinangomuuza kuti Mulungu ndi wabwino, azidzisamalira, asamanyamule zolemera. Iye anatumiza tinkhope toseka. Ndinati amenewo ndi manyazi a mimba yachisamba.

Kunena zoona, chimene chinandisangalatsa kwambiri si mdzukuluyo. Mimba yoyamba mkazi amakadikirira kwa mayi ake. Ndiye kuti mwana wanga abwera. Ndinakwera minibasi ya ku Blantyre kukagula ulusi wachikasu, poti sindinkadziwa ngati kukubwera mwamuna kapena mkazi. Chipinda chake ndinachipaka laimu. Amayi a kutchalitchi atandipeza ndikuluka shawelo, ndinawanamiza kuti ndi oda ya munthu. Zithunzi zinkabwerabe, kanthu kaja kakukula mothamanga, ine n'kumati zakudya za kunja ndi zina.

Chithunzi chomaliza chinali ndi mchira, wautali ndithu. Ndinavala magalasi, ndinawavula, ndinapukuta foni ndi chitenje, mchira uli pomwepo. Mantha anandigwira. Mwambo ndinauika pambali, n'kuimba foni kufunsa kuti madokotala akuti chiyani za mwanayo.

Anaseka mpaka kutsamwa. Inali mbewa. Akuti kuntchito kwawo amaweta mbewa zoyera, amazigoneka ndi mankhwala n'kuzilowetsa m'chimakina chija kuti aone mmene ana akuumbikira m'mimba tsiku ndi tsiku. Mbewa, ndiwo zimene timagula zopanika pa timitengo m'mbali mwa msewu. Nanenso ndinaseka, nanga ndikanatani. Atafunsa chifukwa chake sindinafunse pachiyambi pomwe, ndinangoti sitifunsa.

"Nanga Khirisimasi ino ubwera?"

"Mbewazi sizisiyika, amayi. Mwina chaka chamawa."

Foni itaduka ndinalira, sindibisa. Za shawelo sindinamuuze mpaka lero. Inali itatsala mbali imodzi, ndipo ndinaimaliza, poti manja analibe china chochita. Ili pabedi m'chipinda chopaka laimu chija. Pakhomo pake ndinatchera msampha, kuopa kuti makoswe angaiboole mwiniwake asanabwere.