Chimanga cha mu Mseu Wotchinga Moto

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza kudzera mwa amalume, amene ankayendetsa lole ya boma. Anamva kuti kunkhalango ya boma kuseri kwa Chelstone kukufunika mlonda, ndipo anandiperekeza kwa Ba Mwansa, kapitawo wa kumeneko. Inali nthawi ya chipani chimodzi. Ba Mwansa anayang'ana khadi langa la chipani, kenako zikhatho zanga, n'kundipatsa chikwakwa, khasu ndi jombo.

Ntchito yaikulu inali yosamala mseu wotchinga moto. Uwu ndi mpata wozungulira nkhalango, umene tinkaupala mpaka dothi lionekere, kuti moto wolusa ukafika usowe poyenda. Mvula ikatha tinkatchetcha udzu, kuuunjika, n'kuutentha m'mawa mphepo isanadzuke.

Chaka china tinapeza mbali ya kumadzulo ya mseuwo itabzalidwa chimanga. Anabzala ndi amayi a m'komboni yapafupi. Mapesi akauma amaolotsa moto, choncho ku ofesi m'tauni kunachokera lamulo loti titchetche, ndipo wokana akaonekere kukhoti.

Tsiku lotchetcha tinapeza amayiwo ataima m'mizere, makasu ali m'manja. Chimanga chinali chitamasula ngayaye. Patsogolo panali Bana Chanda, mayi wamasiye wochokera ku Luapula.

"Ba kapitawo, muyambe kudula ine," anatero. "Unga m'mashopu mulibe. Ana anga adye bulugamu?"

Mnzanga wina anali atagwetsa kale mapesi angapo, ndipo mwala wochokera kwa amayiwo unandidutsa pafupi ndi khutu. Ba Mwansa anatiuza kuti tiike zikwakwa pansi. Anakhala pachulu, n'kundituma kukaitana tcheyamani wa chipani wa m'deralo.

"Ba tcheyamani, mwabwela ngati mboni, osati woweruza," anamuuza atafika.

Za lamulo Ba Mwansa sanayambe nazo. Anafunsa amayiwo chimene akuopa, iwo anati njala. Kenako anayenda nawo kukaona mitengo imene inapsa chaka chapitacho, n'kuwasonyeza kuti mphepo ya chilimwe imalowera kunyumba zawo. Dzuwa likupendeka anagwirizana kuti chimangacho akolole, mapesi azule okha udzu usanaume, ndipo kuyambira dzinja lotsatira azibzalamo mtedza ndi mbatata basi.

Ku ofesi sizinawakomere, ndipo chaka chomwecho Ba Mwansa anasamutsidwira kutali. Amayi ambiri anasunga pangano. Ena sanasunge, mapesi awo tinazula ndife. Koma utsi ukaoneka, Bana Chanda ndi anzake ankafika ndi nthambi zaziwisi ife tisanafike.

Ndagwira ntchito ya zankhalango mpaka kupuma, ndipo milandu ina ndinaipititsa kukhoti chifukwa inayeneradi. Koma ndinkayamba ndakhala pansi ndi eni nkhani. Khoti limagamula tsiku limodzi. Munthu amene mwamugonjetsayo amagona pafupi ndi mitengo chaka chonse, ndipo machesi ali nawo.