Nsalu ya Siliva pa Mwendo Wanga

Chizindikiro choyamba chinali fungo. Mafuta owira anali atanditayikira pa mwendo wakumanzere ndikukazinga vitumbuwa pakhomo pathu ku Kalikiliki, ndipo ndinangopakapo mankhwala otsukira mano n'kumangapo kansalu. Makampani a boma anali atagulitsidwa, amuna anga atachotsedwa ntchito, ndipo banja lonse linkadalira chiwaya changacho. Sindinafune kusiya malonda.

Posakhalitsa bala linayamba kutuluka mafinya obiriwira, thupi likutentha. Anandigoneka m'chipatala nyengo yozizira ili mkati. Mwana wanga Tisa, yemwe anali akuyamwabe, anapita kukakhala kwa akulu anga ku Lilanda, chifukwa makanda sankaloledwa m'wodi ya anthu opsa.

M'mawa uliwonse ankatsuka balalo, kenako tinkadikira adokotala. Jakisoni ndi mapiritsi zinatsitsa kutentha thupi, koma mafinya sanaleke. Chimene chinkandipweteka kuposa mwendo chinali mabere. Ankadzaza nthawi imene Tisa ankayamwa, ndipo mkakawo ndinkaufinyira m'kapu, nditayang'ana kukhoma, n'kukautaya. Odzazonda odwala akamalowa masana, maso anga ankathamangira kumsana kwa mayi aliyense, ngakhale ndinkadziwa kuti mwana wanga sabwera.

Tsiku lina nesi anabwera ndi nsalu yotuwa imene madokotala ochokera kunja anasiya. "Amayi, iyi ili na siliva yopera maningi, simungaione na maso," anatero. "Ipaya tuzilombo twamene twakana mankhwala. Osaigwira-gwira." Anainyowetsa ndi madzi a m'botolo n'kuiyala pabalapo. Imeneyi sankaichotsa tsiku ndi tsiku. Atadzatsegula, fungo linali litachepa. Ataisintha kangapo, mnofu wofiira unayamba kumera kuchokera m'mphepete, bala likufupika pang'onopang'ono.

Atanditulutsa ndinalunjika ku Lilanda ndisanafike kunyumba. Ndinapeza Tisa akuyenda yekha pabwalo, dzandidzandi. Ndinagwada n'kumuitana dzina. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anakabisala m'chitenje cha akulu anga. Anadzandizolowera, koma sanayamwenso. Mkaka unali utauma.

Lero ndikuyenda bwinobwino. Chatsala ndi chipsera chimene chimayabwa kukatentha. Anzanga okazinga, mukapsa thirani madzi ozizira basi, ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Ine ndinachedwa. Mwendo unapola, koma tsiku limene mwana wanga anayamba kuyenda ndinachita kuuzidwa ndi ena.