Malipenga a Atate pa Kanema wa a Mwase

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene kanema anafika ku Chipyela. Amene anabwera naye ndi a Mwase, bambo wa ku Nkhata Bay amene anakwatira pachilumba pathu. Anamanga chisakasa cha bango kuseri kwa msika, nkuikamo mabenchi, wailesi yakanema ndi jenereta yofuka utsi ngati ng'anjo. Pasanathe mwezi, anyamata onse a kwathu ku Khuyu anali atasanduka akatswiri a karate. Mwana ukamutuma kumadzi ankapita akuponya mateche m'mwamba, ndipo mbuzi za m'njira zinkaona zakuda.

Atate anga anali kingi wa boma la malipenga la m'mudzi mwathu. Boma ndi gulu la ovina, ndipo kingi ndiye mtsogoleri wawo. Masiku ena onse anali msodzi wamba, wonunkha usipa ngati wina aliyense. Koma akavala kabudula woyera, masokosi ofika m'maondo, ndodo ili m'manja, ngakhale amayi ankawalankhula ndi mawu ena. Ine ndinkawanyadira mpaka anzanga ankatopa nane.

Chaka chimenecho inali nthawi yathu yolandira boma la ku Cobue, tsidya la nyanja ku Mozambique. Mwambo wake unali wakuti mukapita kwa anzanu, iwo amakudyetsani ndi kukudzazirani bwalo, ndipo akabwera kwanu inunso mumatero. Chaka cham'mbuyo atate anabwerako akusimba kuti anthu a ku Cobue anakwera mpaka m'mitengo kuti awaone. Tsono ulemu umenewo unayenera kubwezedwa.

Alendo anafika Loweruka m'mawa pa mabwato a matanga. Amayi ndi anzawo anali ataphika kale, ife atsikana titasesa bwalo pansi pa mlambe, titachapanso timipango tathu topukutira ovina thukuta. Ng'oma inalira dzuwa lili pamutu. Kale ng'oma imeneyo ikangolira, munthu ankasiya khasu m'munda wa chinangwa nkuthamanga. Tsikulo kunabwera nkhalamba, amayi a ana oyamwa, ndi ife amene makolo athu anali m'gulemo. Ena onse anali ku Chipyela, chifukwa sitima inali itabweretsa filimu yatsopano.

Kuvina anavina ndithu. Malipenga a zikho analira, fumbi linakwera, koma nthungululu zathu zinkamveka ngati tikungoyeserera. Nditalowa m'bwalo kukawapukuta atate pamphumi, ndinaona kuti maso awo sali pa gule, akungoyang'ana njira ya ku Chipyela. Popuma, kingi wa ku Cobue anawafunsa mwaulemu, "Kodi m'mudzi muno mwagwa zovuta, achimwene?" Atate anati ayi, anthu angotangwanika. Manyazi amene ndinamva pamenepo sindinawamvenso kwina kulikonse.

Wa ku Chipyela amene anabwera anali mmodzi yekha, mlamu wa a Mwase, amene ankazungulirazungulira ndi kamera paphewa. Palibe amene anamusamala.

Sabata yotsatira mbiri inamveka yakuti kuchisakasa kuja akuonetsa malipenga a ku Khuyu. Poyamba atate anakana kupitako. Koma Lamlungu titatuluka m'tchalitchi anandigwira dzanja nati, "Tiye tikaone chimene chinatilanda anthu."

Mkati munali mdima ngakhale kunja kunali dzuwa, mukutentha, mukununkha thukuta ndi mafuta a jenereta. Munadzaza moti ena anakhala pamiyendo pa anzawo, ndipo anali anthu omwe aja amene sanabwere kubwalo. Pakanemapo panali atate, aang'ono ngati chala, akuponya mwendo, ndodo ikuzungulira. Anthu anakuwa. Amayi ena anaimba nthungululu yeniyeni, ija tinaisowa Loweruka. Atate anaimirira pamalo pamene tinakhala paja, chakutsogolo. Ndikhulupirira kuti thupi linangoyankha lokha, chifukwa phewa linali litayamba kale kugwedezeka.

"Khalani pansi, madala, mukutitchinga!" anakuwa mnyamata wina kumbuyo.

Ena anaseka, ena anamudzudzula atazindikira kuti akulankhula ndi ndani. Atate anakhala pansi, naonera mpaka kumapeto.

Pobwerera ku Khuyu ine ndinali nditafufuma ndi mkwiyo, ndikukonza m'mutu mateche amene ndikanamuthira mnyamata uja. Kenako ndinayesa kuwasangalatsa. "Komatu anakukondani, atate. Simunamve mmene amakuwira?"

"Amakuwira uja wa m'bokosi, mwananga," anatero. "Uja ngakhale umuimbire nthungululu tsiku lonse, mwendo saukweza kuposa pamene anaukwezera. Ine akanandiimbira Loweruka, ndikanawaonetsa zimene sanazionepo."

Atate anavinabe zaka zingapo, koma boma la ku Cobue sanaliitanenso. Ankati sangaolotse munthu nyanja kuti adzamuchititse manyazi kawiri. Ubwenzi umene anaupeza kwa atate awo unathera pomwepo, ndipo zinkawawawa.

Lero chisakasa cha a Mwase kulibe, chinagonja kwa mafoni. Inenso sindikudziyeretsa, ndimaseka ndekha ndi timavidiyo ta pafoni ngati wina aliyense, ndipo ndikanapeza tepi imene anajambula mlamu wa a Mwase ija ndikanaisunga ngati mankhwala, poti atate anatisiya ndipo ndimawasowa. Malipenga akamavinidwa masiku ano anthu amabwera ndithu, mwina kuposa nthawi ija. Koma ndikaima kumbuyo ndimangoona manja ali m'mwamba, aliyense akujambula kuti akaonere bwino kunyumba, m'bwalo muli zii.

Ndili mwana ndinkayesa kuti woonerera amangolandira basi. Tsopano ndikudziwa kuti gule uja tinkavina tonse, ife a m'mphepete tikukweza mwendo wa wovina ndi mawu athu. Nchifukwa chake ine foni ndimaisiya m'chikwama, nkuimba nthungululu mpaka mawu kusasa, ana anga akundikoka chitenje kuti ndikuwachititsa manyazi. Achite manyazi. Wovinayo ndi bambo wa wina, ndipo akumva.