Khanda Losacheuka

Nsompho ya malume inali ndi mpini wakuda bii ndi thukuta, wokumbika pomwe chala chawo chachikulu chinkagona. Ankasemera mitondo, misi ndi mipini ya makasu kwathu ku Chiparamba. Za tchalitchi analibe nazo ntchito. Lamulungu ankalidziwira kusowa kwa ogula.

M'zaka zomwe nkhondo ya azungu inatseka njira za katundu, chifaniziro cha Amayi Maria cha m'katchalitchi kathu chinagwa n'kuphwanyika, chiswe chitadya thabwa lomwe chinkakhalapo. Aphunzitsi athu, omwe ankatiphunzitsanso katekisimu, anapalasa njinga mpaka ku Boma kukafuna china, koma anabwerako chimanjamanja. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: anapita kukagwada kwa munthu wosapemphera uja kuti aseme china.

Malume anavomera pomwepo, ndipo amayi anga anadabwa. Chimwalirire akazi a malume pobereka dzinja lapitalo, pamodzi ndi mwanayo, mlongo wawoyo anali asanagwirenso nsompho.

Chilimwe chimenecho ndimachikumbukira m'mphuno. Nsawa zili padzuwa, fumbi lili koboo, ndipo kuseri kwa nkhokwe kukununkhira mlombwa, mtengo wa utomoni wofiira ngati magazi. Ine malume ankandikhazika pamtondo wovundikira, nditafungatira dzungu m'nsalu, kuti aone mmene mikono imapindikira.

"Usaligwire ngati waba, iwe," ankatero. "Ligwire ngati lako."

Mikono inkachita dzanzi, koma ndikanakhala mpaka mvula kugwa, chifukwa malume anali atayambanso kuimba mluzu. Ndaona zosema zambiri chikulire changa, za m'matchalitchi aakulu, zopaka utoto wonyezimira, za amisiri otchuka. Nzokongola, sindikana. Koma manja ogwira mwana mochita kuopa kulandidwa ngati aja sindinawaonenso, ndipo ndimawasowa mpaka lero.

Tsiku loonetsa, mudzi wonse unasonkhana pabwalo. Malume atavundukula mphasa, amayi ena anagwira pakamwa. Maria wathu anali ndi mphini m'masaya ndi kampata m'mano. Aphunzitsi anazimeza zimenezo, ngakhale movutikira. Chomwe chinawakanika kukhosi ndi mwana: anali atabisa nkhope pachifuwa cha mayi wake, kungoonetsa kakhutu kamodzi.

"Nanga nkhope ya Mwana Yesu ili kuti?" anafunsa aphunzitsi. "Akhristu azigwadira nkhongo? Musemenso, apo ayi m'tchalitchi sichilowa."

"Sindinamuone," anayankha malume.

Ife ana tinafa nako kuseka. Aphunzitsi nawo anaseka, natulutsa kachithunzi m'thumba, nati palibe anamuona, aonere pamenepo. Malume sanakayang'ane n'komwe. Anatola nsompho nati ngati zili choncho, mtengowo ukhala nkhuni, ndipo anali munthu wosalankhula kawiri.

Apo amayi anga, omwe pagulu sankatsekula pakamwa, anagwada pafumbi.

"Pepani aphunzitsi, mwanayo akuyamwa. Munaonapo khanda lili pabere likucheukira alendo? Achimwene, ikani nsompho pansi."

Amayi onse anavomereza pamodzi, mwamphamvu kuposa mmene ankayankhira mapemphero. Aphunzitsi, omwe kwawo kunalinso khanda, anakanda m'mutu nabweza kachithunzi kawo m'thumba. Lamulungu lotsatira Maria wa mlombwa anali pamalo pake, pamwala m'malo mwa thabwa.

Malume sanalowebe m'tchalitchi. Koma Lamulungu lililonse ankadzakhala panja, pachitsa choyang'anana ndi zenera, mpaka nyimbo yomaliza. Ine ndinkati akudikira kutamandidwa.

Ndinali ndisanadziwe kuti khanda lofera pobadwa limaikidwa ndi amayi okhaokha, mwakachetechete, popanda maliro, bambo wake osaloledwa ngakhale kusuzumira m'kansalu. Sindinadziwe kuti mphini zija zinali za yani, kapena kuti amayi anga anali mmodzi mwa omwe ananyamula kansaluko, ndipo nkhope yomwe mlongo wawo ankaisowa iwo anaiona. Ine ndinkangoyenda monyada, kuuza anzanga onse kuti Mwana Yesu uja ndi dzungu langa.