Mafuta a Mlamba M'tsitsi Langa

Senderani kuno, inu atsikana okonda ku saluni, mumve zimene zinandionekera ine ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi.

Tinkakhala ku Nangongwe. Mkulu wanga Esinati ankakwatiwa ndi kalaliki wa ku Estates, ndipo pankafunika mwana woyenda patsogolo pake ndi maluwa. Diresi loyera linali limodzi, koma olifuna tinali awiri, ine ndi msuweni wanga Jelita. Amayi anangoti, "Amene adzaoneke bwino Loweruka m'mawa ndiye adzavale."

Ndinaganiza zowongola tsitsi. Masiku amenewo tinkaika makala amoto m'kachitini, n'kumasita nako tsitsi lopaka mafuta. Ine ndinasita louma, poti botolo la mafuta amayi anali atalibisa. Nyumba yonse inanunkha mbuzi yowawula. Pomaliza tsitsi linali psuu, louma gwa, ukaligwira n'kumayoyoka ngati fodya.

Ndinathamangira kwa azakhali anga, amene ankagula nsomba ku Chanyanya n'kumaziwamba kuseri kwa nyumba yawo.

"Iwe mwana, wagwera mu mbaula?"

"Ba anti, nithandizeni. Ukwati ni Loweruka."

"Ponda kotapela wakupsa, peyala lija, usakanize na dzira, upake, utsuke na madzi ozizira. Ukatero tumafuta twa nsatsi, pang'ono chabe, tsiku na tsiku. Mwezi ukatha lizafewa."

"Mwezi? Kwatsala masiku atatu!"

"Nanga tsitsi analiitana ku ukwati? Lilibe changu ilo, mama."

Ndinatuluka nditakwinya nkhope. Pakhomopo ndinaona chitini chimene munkadonthera mafuta a milamba yowambayo. Ndiye nzeru inandibwerera. Ndinati mumtima, mlamba kodi unaumapo khungu? Si umaterera moyo wake wonse? Ndinatapa kapu yodzaza, kukhuthulira m'mutu, n'kumanga chitambala ndi mfundo ziwiri kuti mankhwala alowerere.

Unali mwezi wa Okutobala, ananu, dzuwa lake lija losungunula phula.

Woyamba kuzindikira anali mphaka wa aneba. Ananditsatira ku mpopi, ananditsatira ku msika, ndikakhala pansi iye n'kukwera paphewa. Lachisanu kunabwera ntchentche zobiriwira zija. Amayi anatulutsa katundu yense m'nyumba kufunafuna khoswe wakufa, ine n'kumawathandiza kunyamula mipando. Atandifunsa za chitambala ndinati ndikusunga sitayilo.

Loweruka m'mawa anatiimika awirife. Jelita anali atalukidwa mizere wamba. Ine ndinamasula mfundo zanga monyadira.

Kunena zoona, tsitsi linafewa. Koma Jelita anathawira panja atagwira mphuno, ndipo Esinati anakuwa, "Mayo! Uyu asayandikire velo yanga!"

Amayi anatembenukira kwa ine. "Ndiye khoswe uja ndiwe?"

Ananditsuka ndi sopo, ndi phulusa, ndi mandimu. Fungo linakana. Pamapeto pake anatenga lumo. Diresi anavala Jelita, ine ndinakhala benchi yakumbuyo m'tchalitchi, mpala uli ngwee, azakhali akugwedezeka ndi phwete pambali panga.

Mawa lake azakhali anandiitana, nadontheza mafuta a nsatsi m'dzanja, madontho atatu okha, n'kundisisita pamutu. Anatero tsiku lililonse osatopa. Mvula isanathe tsitsi linamera lakuda bii, lofewa kuposa loyamba lija. M'pamene ndinadziwa kuti chimene wachiwononga ndi changu sungachikonze ndi changu china.

Esinati anakalamba ndi kalaliki wake, ali ndi zidzukulu zodzaza minibasi. Jelita anapita ku Lusaka, mankhwala owongolera anamudya tsitsi lonse la pachipumi, lero amangosintha mawigi. Azakhali tinawaika m'manda ali ndi imvi zawo zonse, palibe imodzi yothothoka.

Ine ndine uyu, tsitsi langa ndi ili, gwirani mumve. Koma dzina limene ndinalandira Loweruka lija lumo silinamete. Mpaka lero ndikalowa m'tchalitchi, nkhalamba zinzanga zimasendera n'kunong'ona, "Khalani apa, ba Namlamba."