Kutsanzika Felista

Linali Lachiwiri, nthawi ya 9 koloko m'mawa, pamene ndinachoka kwathu ku Lobi kupita ku Blantyre kukagwira ntchito ya m'nyumba. Za ulendowu ndinatsimikiza titangokolola, nditaona kuti chimanga sichinafike ndi pakati pomwe pa nkhokwe. Bambo a mwana wanga anali atachoka pamudzi kalekale kukakwatira kwina. Msuweni wanga wa mtauni anati kuli banja likufuna munthu wolera mwana, ine ndinavomera ndisanafunse n'komwe za malipiro.

Mwana wangayo, Felista, anali ndi zaka zinayi. Kwathu mwana satsanzikidwa. Ukamuuza kuti ukupita kutali amalira, amakugwira chitenje, miyendo imakulemera, mwina ulendo n'kulephereka. Choncho amayi anandithandiza kuika zovala zanga m'thumba la feteleza, ndinasenza ngati chimanga, n'kumuuza kuti ndikupita kuchigayo. Anali pansi pa mtengo wa mapichesi akuumba timiphika ta dothi. Sanadzutse mutu. Anangoti ndikamubweretsere chitumbuwa.

Ku Blantyre ndinapatsidwa kachipinda kuseri kwa nyumba, mkati mwa mpanda wa njerwa. Ine ndine munthu wamanyazi kuyambira kale, sukulu ndinalekezera Sitandade 4, ndipo ndinkaopa kuyankhula ndi anthu kuti angandiseke. Atsikana antchito a nyumba zoyandikana ankacheza pageti masana, ine ndinkangowapatsa moni n'kulowa. Kunkatentha. Ndinkasowa nkhungu ya kwathu, ija imatsika m'phiri m'mawa mpaka osaona khola la mbuzi. Ndikapita kumsika ndinkalambalala amayi ogulitsa zitumbuwa.

Mwezi ukatha ndinkatumiza ndalama pafoni ya akatekisiti, chifukwa amayi analibe foni. Lamulungu Misa ikatha ndinkaimba pafoni yomweyo. Amayi ankandiuza za feteleza, za nyemba, za amene wamwalira. Ndikati ampatse Felista foni, ndinkangomva kupuma kwake. Amayi ankati ali bwino, ndi manyazi chabe, watengera ine.

Mwana amene ndinkalera anali Tiyamike, wa zaka zisanu ndi ziwiri. Bambo ake tsiku lina anachoka m'mawa kupita kuntchito n'kufera pangozi ya galimoto. Chiyambire pamenepo, amayi ake akangogwira makiyi, Tiyamike ankakuwa, kudzigwetsa, nthawi zina kusanza. Amadamu, amayi akewo, nawo ankachita ngati ife akumudzi. Ine ndinkamutenga kuseri kukaona akalulu a m'khola, alonda n'kukankha galimoto mpaka kunja kwa geti injini isanalire. Akazindikira, tsiku lonse linkakhala la misozi.

Kenako kunayamba kubwera alangizi ochokera kuchipatala, amayi Banda, oona za matenda a nkhawa ndi maganizo. Ankabwera Loweruka. Anati inenso ndizikhalapo pokambirana, poti wotsala ndi mwana ndine. Ndinakhala pansi pafupi ndi chitseko. Atamva za kukankha galimoto anaseka pang'ono, kenako anati kwa amadamu:

"Mukamuzemba, amaphunzira kuti munthu atha kusowa nthawi iliyonse, ndiye sangasiye kukulonderani. Mutsanzikeni mwachidule, mumuuze nthawi yobwera, ndipo nthawiyo ikakwana mubweredi."

Ine ndinangoyang'ana zala za kumapazi anga.

Tinayamba ndi zazing'ono. Amadamu ankatsanzika, kupita pageti n'kubwerera. Kenako kugolosale. Kenako kutauni. Pakhoma panali wotchi, ndipo Tiyamike ankauzidwa pamene muvi ukhale amayi ake akamalowa. Akapirira ankamata kanyenyezi ka pepala pachitseko cha firiji. Ntchito yanga inali kukhala naye, osamunamiza, osamukalipira, osamunyengerera ndi masiwiti. Ndinkamuuza kuti ndikudziwa akuopa, n'kumuphunzitsa kupuma pang'onopang'ono ngati akuuzira tiyi wotentha. Zinatenga miyezi. Masiku ena tinkabwerera m'mbuyo. Koma inafika nthawi yoti amadamu ankaliza galimoto pakhomo pomwe, Tiyamike ataima pakhonde, m'maso muli misozi, dzanja lili m'mwamba.

Loweruka lililonse ndinkafuna kufunsa za mwana wanga, mawu osatuluka. Tsiku lomaliza, ndikuwatsegulira geti alangiziwo, ndinafunsa ngati za mwana wa mnzanga wa kumudzi, kumene kulibe wotchi pakhoma. Amayi Banda anandiyang'ana kanthawi. Anati mwana sasowa wotchi, amasowa chinthu choti aziona ndi maso ake chikutha, ndipo chimenecho mnzangayo achipeza yekha pakhomo pake. Anatinso zikakula apite naye kuchipatala, asachite manyazi.

Zoona zake ndinazimva kwa akazi a akatekisiti, tsiku lina atayankha foni iwowo. Anati Felista sasiyana ndi agogo ake ngakhale popita kuchimbudzi, kusukulu anakana kulowa m'kalasi, ndipo amayi analephera kukagona kumaliro a mlamu wawo, anthu mpaka akuwanena. Panali patatha zaka ziwiri ndisanapondeko kwathu. Nthawi zonse ndinkati ndalama ya basi ndi bwino igule feteleza. Ndinapempha tchuthi, amadamu anandipatsa masabata ochepa.

Ndinafika mu Ogasiti, mphepo ikuwomba, anthu akutong'ola chimanga m'makonde. Panjira yonse ndinkaganiza kuti Felista akandigwira osandisiyanso, ndipo ndinali nditakonzeka. Ndinagula ndi tinyenyezi tomwe. Koma atandiona analowa kumbuyo kwa amayi, nsonga ya chitenje chawo ataikulunga kudzanja. Anali atatalika, mano apatsogolo atagweluka. Amayi atamuuza kuti andipatse moni, anati, "Muli bwanji aMalita," monga amandiitanira ana a eni.

Masiku oyamba ndinapita kumjigo, ndinapita kudimba, ndinapita mpaka kumsika. Felista sanafunse. Koma amayi akangoimirira kukutumula chitenje, iye anali ataima kale. Ndipamene ndinadziwa kuti munthu amene akuopa kumutaya si ine. Ine anali atanditaya kale. Ndinapita kuseri kwa bafa n'kukhalako mpaka nkhope itauma.

Amayi anandiuza zonse zimene anayesa. Anapita naye kumapemphero, anamumwetsa mankhwala a zitsamba, amalume anamukwapulapo. Pofuna kupita kudimba ankamupatsa mbatata yootcha n'kutulukira pa mpata wa mpanda wa bafa, munthu wamkulu ngati iwowo, kukwawa ngati wakuba nkhuku. Nditawafotokozera zimene ndinaona ku Blantyre, kuti wotsanzika akhale iwowo ndipo ine ndizitsala ndi mwana, anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndizitsanzika kamwana aka ngati mlendo wochokera kuboma? Mwina ndizikagwadiranso?"

Koma anali atatopa, ndipo anavomera.

Zimene ndinabwera nazo sizinagwire ntchito. Wotchi ya pafoni yanga Felista sinkamuuza kanthu, komanso moto unatha tsiku lachiwiri, kotchajira ndi kutali. Tinyenyezi anatimata pachitenje cha agogo ake, totsala ana anzake anakanganirana. Ndinakhala pakhonde ndi lichero pamiyendo ndikuganiza mawu a amayi Banda aja, kenako ndinayang'ana zimene manja anga ankachita.

Tinayamba ndi chimanga chochepa cha m'manja. Amayi anaima patsogolo pa Felista, nkhope ili yamanyazi, n'kumuuza kuti akupita kuseri kwa nkhokwe, ndipo tikamaliza kutong'ola chimenechi abwera. Anapita. Felista anakuwa, anandiluma pamkono, chipsera chake ndikadali nacho. Anthu oyandikana nafe anabwera kudzafunsa ngati tikupha mwana. Ine ndinamugwira, ndikutong'ola ndi dzanja limodzi, ndikumuonetsa zitsononkho zikuchuluka pansi. Amayi kuseri kuja ankatsokomola dala kuti azimveka. Chitsononkho chomaliza chitagwa, anatulukira. Anamubereka kumbuyo, mwana wamkulu miyendo ikulendewera, n'kuzungulira naye bwalo akuimba. Imeneyo ndiyo inakhala nyenyezi yake.

Tsiku ndi tsiku tinkawonjezera chimanga. Kumjigo kunali theka la lichero. Felista anayamba kutong'ola nawo, mofulumira, zala mpaka kufiira, poganiza kuti akafulumira agogo afulumiranso. Ndinamuphunzitsa kuuzira ngati phala lotentha. Ankakhala pafupi nane, koma maso ali kunjira.

Tsiku la kudimba tinadzaza lichero lonse. Tinamaliza, amayi osaoneka. Anakumana ndi anzawo panjira, nkhani n'kukoma. Felista anayang'ana zitsononkho, anayang'ana ine, n'kuthamanga. Ndinamugwira pafupi ndi manda, ndipo analira mpaka mawu anatha. Amayi atafika ndinawakalipira pamaso pa anthu, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo chibadwire. Ndinati awononga zonse, mwana uyu tamunamiza kokwana. Amayi anatula mtolo wa mpiru pansi.

"Ine ndachedwa ndi nkhani chabe. Ena anapita kuchigayo, mpaka lero ufa wake sitinauone."

Sitinayankhulane mpaka dzuwa litapendeka. Tikusankha nyemba, amayi anayamba okha kundiuza za bambo awo, agogo anga amene sindinawaone. Anati tsiku lopita kumigodi ya ku Joni bambo awowo anawauza kuti akukaona ng'ombe kudambo. Amayi anali msinkhu wa Felista, ndipo anakhala akupita kudamboko madzulo aliwonse mpaka mvula inayamba. Anazinena akuseka, ngati za munthu wina. Ndinayang'ana nyumba za m'mudzi mwathu, mmene pafupifupi khomo lililonse lili ndi wina ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Joni, ndipo ndinadzifunsa kuti ndi angati mwa ife anatsanzikidwapo.

M'mawa mwake tinabwerera ku theka la lichero. Amayi anabwera kuchokera kumjigo akuthamanga, ndowa ikutayikira, patapata ali m'manja.

Pofika sabata yomaliza, amayi anapita kumapemphero a kumphakati n'kubwera, Felista atalira pang'ono poyamba pokha. Sanachire, ndipo sindinena kuti anachira. Tinapita naye kuchipatala chathu chaching'ono, anamwino anati tizibwera naye aziona mmene zikuyendera. Aphunzitsi anavomera kuti sukulu ikatsegulira amayi azikhala kaye pansi pa mtengo pamene Felista angawaone pawindo, kenako azisuntha pang'onopang'ono. Chimanga chikatha adzasenda nyemba, nyemba zikatha amayi anati apeza china.

Tchuthi changa chinatha. Kukhala sindikanatha, munda unkadikira feteleza. Amayi anandinong'oneza kuti poti mwanayo za ine alibe nazo ntchito, ndingonyamuka akadali mtulo. Ndinakana. Madzulo, mbuzi zikulowa m'khola, ndinamuitana Felista pakhonde n'kumuuza kuti mawa ndikubwerera ku Blantyre kuntchito, ndi kutali, ndipo ndidzabweranso. Ndinkayembekeza kuti angogwedeza mutu n'kupita kwa agogo ake. Koma anafunsa:

"Titong'ola chingati?"

Iye anatembenuka kuyang'ana nkhokwe.

"Chonsecho?"

Ndinati ngakhale chonsecho sichikwana. Pamenepo anagwira chitenje changa, changa osati cha amayi, n'kuyamba kulira. Zaka ziwiri ndinkalakalaka mwana wanga atandifuna, ndipo atandifuna ndinalibe tsiku loti ndimuuze. Pakamwa panga panadzaza mawu aja timauza ana, akuti posachedwa, akuti mawa lomwe. Sindinawatulutse. Ndinamuuza kuti sindikudziwa, koma ndisananyamuke ndikhala nditadziwa.

Kutacha ndinabwereka foni ya akatekisiti n'kukwera pachulu cha kuseri kwa tchalitchi, pamene pamagwira netiweki. Ndinaimbira amadamu. Ndinali ndisanawapemphepo kanthu kawiri. Ndinawauza kuti ndikubwera lero, koma ndikufuna andiuze tsopano lino ngati adzandilole kupita kwathu pa Khirisimasi, chifukwa pali mwana woti ndimuuze. Anati adzandilola.

Ndinatsika, ndinapeza Felista atadzuka, ataima pakhomo ndi amayi. Ndinagwada kuti tiyang'anane. Ndinamuuza kuti mvula ikagwa adzadzala ndi agogo m'munda wa kuseri, ndipo chimanga chatsopano chikadzafika m'mawondo mwake ine ndidzafika. Anawerama n'kugwira mawondo ake onse awiri. Ndinamutsanzika kamodzi, ndinamasula zala zake pachitenje changa n'kuziika m'dzanja la amayi, ndipo ndinatsetsereka kupita kumsewu, kulira kwake kukumveka mpaka pamlatho.